Mawu Anga Anakhala kwa Abiti Jafali

Ikani pansi mafoniwo, ana inu, nandoloyu sadzimenya yekha. Iwe Tadala ndakuona, wabisa m'chitenje koma chala chikuyendabe. Mnyamata wakoyo akafuna kuyankha ayankha, usathyoke khosi. Yamikani, sendeza licherolo kuno, makoko uziponya uko mbuzi zidye.

Dzulo munandiona ndikutsika pa njinga ya kabaza kuchokera ku Kachulu maso ali ofiira, mukunong'onezana kuti agogo lawalowa fumbi. Silinali fumbi ayi. Ndinapita kukatenga mawu anga. Agogo anu aamuna, a Lameki, tsiku limene anamwalira anasiya mawu oti afike kwa ine, koma mawuwo akhala kwa mkazi wina kuyambira iwe Tadala uli m'mimba mwa amako Joyisi mpaka dzulo lomweli. Mkaziyo ndi Abiti Jafali, uja ankakhala pansi pa ambulera pa Kachulu kutumizira anthu ndalama pa foni. Sanandibisire. Ndinakana ndine, chifukwa cha nsanje. Ndanena ndekha musanandinene.

Ndiyambira kutali, ndipo musandifulumizitse, pano sindikulipira mayunitsi.

Ine ndili mtsikana foni tinkaitcha lamya, ndipo inali ya ku positi ofesi ku Zomba. Inkayenda m'mawaya pamwamba pa mitengo, ndipo mawayawo kuno sankafika. Ndinaiona koyamba nditapita kuchipatala chachikulu ndi amanu, chikuku chitawagwira. Ndinaona bambo wa tayi ali m'kanyumba ka magalasi, akuponya ndalama yachitsulo pakabowo, akulankhula yekha, mpaka kuwerama mwaulemu ngati winayo akumuona. Ndinaseka mpaka mwana kumsana anadzidzimuka. Uthenga wathu ife unkayenda pa mapazi, pa njinga, kapena pa lole ya nsomba, woyendetsayo akakumbukira. Maliro akutali tinkamvera pa wailesi, nthawi zina n'kumva munthu atakwiriridwa kale. Malume anga analemba kalata kumigodi kuti akubwera, kalatayo inafika iwo atakhala kale pakhomo mwezi wathunthu. Anaiwerenga okha.

Nthawi imeneyo sitinkakhala kuno kumunda. Tinali kumunsi, pafupi ndi doko la Kachulu, ndipo agogo anu anali msodzi wa pa zimbowera. Inu mumangozimva. Ndi tinyumba ta udzu toyandama pa mabango mkati mwa nyanja, munthu ukaponda pansi pamanjenjemera. Ankapita ndi ufa, mchere, mpoto umodzi ndi bulangete, n'kukhala kumeneko milungu itatu kapena inayi. Ine ntchito yanga inali kugula ndi kuyanika matemba pa thandala, milamba n'kumawamba pa moto. Mwera ukawomba ndinkaima pa doko kufunsa aliyense wotsika m'bwato ngati wawaona. Wina ankati anawaona dzana, wina ankati sakuwadziwa. Zinali zowawa, koma mtima unali pamalo, chifukwa akazi a asodzi tonse tinali ofanana. Panalibe ankadziwa za mwamuna wa mnzake kuposa mwini wake.

Kenako kunabwera kampani ya mafoni a m'manja. Poyamba inali ya mabwana a m'tauni, ankaipachika pa lamba kuti muione. Koma kampaniyo si yopusa. Inaona kuti mabwana ndi ochepa, ife ogula mafuta ophikira a pa kasupuni ndiye ambiri. Inayamba kugulitsa kulankhula monga timagulitsira matemba, pakamulu pakamulu. Unkagula kakhadi, kukala ndi chikhadabo, kulowetsa manambala, ulankhule pang'ono, basi zatha. Inkapakanso utoto waulere m'magolosale kuti dzina lake lizioneka. Dzinalo lasintha kangapo ine ndikuona, ati agula ena akunja, ati agulanso ena. Golosale ya pa Kachulu ija mukakanda khoma lake mupeza mitundu yonse ili pansi, wina pamwamba pa unzake. Eni ake ankangosinthana kutali uko, ife n'kumadzuka khoma lasintha.

Tsono Abiti Jafali. Tinakulira limodzi, thandala lake linali loyandikana ndi langa. Iye wa ku mzikiti, ine wa ku tchalitchi, koma sizinativutepo. Pa Idi ankanditumizira mpunga, ine pa Khirisimasi ndinkamupatsa nkhuku yamoyo kuti akachinje kwawo. Anali wokongola, zimenezo sindingakane ngakhale ndifune. Khosi lalitali, chipini pamphuno, akaseka mano a mpata. Mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo mwini wakeyo sanabwerere, koma anatumiza foni. Inali yaikulu ngati chinangwa chabwino, ili ndi kanyanga pamwamba.

Netiweki masiku amenewo inkachokera kutali, cha ku Zomba, ndipo kwathu konse inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya Abiti. Ukatsika mapazi awiri yathawa. Ndipo mudziwe kuti ifenso tinali ndi chulu chathu, chachitali kuposa chimenecho, koma tinachigumula chaka cham'mbuyo mwake kuumbira njerwa. Ndinaumiriza ndine, ndinkafuna khitchini ya njerwa. Mpaka lero ndikaona chulu chabwino m'munda mwa munthu mtima umandipweteka.

Abiti anaika kathebulo m'munsi mwa chulucho, kampani inamupatsa ambulera, foni n'kumaipachika m'kathumba pa mtengo umene unamera pamwambapo. Ofuna kuimba ankalipira, kukwera pachulu, n'kumakuwa nkhani zawo mudzi wonse ukumva. Tinadziwa amene mwana wake wathawa sukulu ku Lilongwe, tinadziwa amene banja lake likutha. Ogula nsomba a ku Limbe anayamba kuimbira Abiti kufunsa ngati matemba atuluka asanakwere minibasi. Anakula mkazi ameneyo ife tikuona. Amuna ankavula zipewa pomupatsa moni. Thandala analisiya, anasiya kununkha nsomba, anayamba kununkhira sopo. Ine ndinali ndidakali ndi mamba mpaka m'zigongono.

Chaka china matemba anatuluka ambiri, ine n'kumati tigula malata. Agogo anu anapita ku Zomba n'kubwera ndi foni. Ndinawafunsa ngati tizifunda foniyo mvula ikagwa. Anati, "Mayi a Joyisi, simukufuna kumadziwa kuti ndili moyo?"  Ankaikulunga m'pepala la shuga, kuilowetsa m'chitini, n'kupita nayo kunyanja. Kumeneko inkakhala yozima kuti batire isathe. M'mawa ankapalasa bwato kutuluka m'mabango, kuimirira moyang'ana phiri la Zomba, kuiyatsa, n'kukweza dzanja m'mwamba mpaka igwire.

Kuimba sankaimba, ankati mayunitsi ndi odula, munthu sungawatayire moni. Ankaflasha. Inu a mabandulo mwina munaiwala. Umaimba, ikangolira uko umadula winayo asanayankhe, kampani osadyapo kanthu. Anthu onse a kunyanja ankatero, aliyense ndi chizindikiro chake. Cha agogo anu chinali chotere. Kamodzi, ndiye kuti ndili bwino. Kawiri, nsomba zilipo, mawa mukadikire pa doko ndi madengu. Katatu, kwavuta, tumizani boti. Koma ine foni ndinalibe. Ankaflashira kwa Abiti, Abiti n'kubwera kudzandiuza.

Poyamba ndinkathokoza. Ankafika pakhomo akumwetulira, "Mayi a Joyisi, aflasha kamodzi, adzuka bwino." Ine n'kumuthyolera masamba a maungu. Mwezi woyamba, wachiwiri. Kenako ndinayamba kuwerenga zinthu mumtima. M'mawa uliwonse mwamuna wanga akadzuka pakati pa nyanja, munthu woyamba kumukumbukira ndi zala zake anali Abiti. Woyamba kudziwa kuti wadzuka wamoyo anali Abiti. Ine mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi ndinkalandira zotsala. Tsiku limene tinakwatirana agogo anu sankalikumbukira, chaka chimene anabadwa amanu ankafunsa ine, koma nambala ya Abiti ankaitchula pamtima osapunthwa, ngati pemphero la Ambuye.

Akatsika pa doko sankabwera kunyumba kaye. Ankayamba kwa Abiti, ati kukasiya foni itchajidwe pa batire ya galimoto. Ndinkawaona ndili pa thandala, ataima pansi pa ambulera ija akuseka mpaka kugwira m'chiuno. Kunyumba akafika kuseka kwatha, akungofunsa madzi osamba. Tsiku lina ndinati, "Bambo a Joyisi, ndigulireni yanga, muziflashira ine." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Muziimika pati? Chulu munagumula." Anaseka, ine sindinaseke. Chinandiwawa kwambiri n'choti ankanena zoona.

Mukufuna kufunsa ngati panali kanthu pakati pawo, ndikukuonani m'maso. Iwe Tadala usachite manyazi, ndi funso lomwe ndinagona nalo zaka. Ndinafufuza, ndinanunkhiza malaya, ndinadutsa kuseri kwa nyumba ya Abiti ngati ndikufuna nkhuni. Sindinapeze kanthu ngakhale kamodzi. Koma nsanje sidikira kuti upeze kanthu.

Zinafika poipa tsiku lina pa mathandala. Panali mayi wina wa pakamwa, anamwalira kale, Mulungu amulandire ngati angakwanitse. Anandifunsa mokweza kuti, "A Lameki adzuka bwanji lero?"

Ndinati, "Sindinamve."

Iye anati, "Tikafunse kwa eni ake kuchulu."

Amayi onse anaseka, ena mpaka kugwetsa nsomba. Ine ndinapukuta manja pa chitenje, ndinayenda molunjika mpaka pa ambulera. Panali anthu pamzere odikira kuimba. Ndinati, "Abiti, kuyambira lero dzina la amuna anga lisatulukenso m'kamwa mwanu pakhomo panga. Phazi lanu lizithera panjira. Akaflasha ndi zanu."

Anandiyang'ana modabwa. Anati, "Mayi a Joyisi, ine ndangokhala ngati positi ofesi."

Ndinati, "Positi ofesi sidzola mafuta onunkhira."

Ndinabwerera ndikumva kukoma, ngati ndachita chinthu chanzeru. Abiti anamvera. Milungu iwiri sanaponde pakhomo panga. Ndinkangoona akadutsa chapatali akukweza chala chimodzi m'mwamba osayang'ana kwa ine, ngati akuloza mbalame. Ndinkachiona chalacho ndi kumbali kwa diso, mtima n'kukhala pansi, koma ndinkachita ngati sindinaone.

Inali nyengo ya mvula zoyamba, ndipo kunkamveka kuti kolera wayamba pa zimbowera. Madzi akumwa ndi omwewo, osamba ndi omwewo, zina zonse ndi momwemo. Tsikulo kunacha ndi dzuwa loswa mutu. Ndinayanika matemba anga pa thandala, ndinabwerera kunyumba kukapeta mphale. Ndili mkati mopeta ndinaona Abiti akubwera chothamanga, wopanda nsapato, mpango utagwera paphewa, foni ili m'manja. Anafika pamene njira imathera n'kuima pomwepo, monga ndinamuuzira.

Anati, "Mayi a Joyisi, aimba."

Ndinati, "Ndinakuuzani chiyani ine?"

Anati, "Sanaflashe ayi. Aimba, alankhula."

Ana inu, mumve bwino apa, chifukwa ndi pamene ndinagwera. Munthu wamutu akanafunsa kuti kwagwanji. Ine chimene chinandilowa n'choti mwamuna amene sanatayepo yunitsi imodzi chifukwa cha ine, lero watsegula pakamwa, ndipo khutu limene lamva mawu ake ndi la mkazi uyu. 

Abiti anapitiriza akupuma mwabefu. "Akudwala m'mimba, zawayamba m'mawa. Mchimwene wanga wanyamuka kale ndi boti la injini. Akuti foni aisiya yoyatsa, muwaimbire. Tiyeni pachulu, mayunitsi alimo."

Anatambasula dzanja kundipatsa foniyo. Ndikuiona mpaka lero, kanyanga kake kataloza kwa ine. Ndinadziuza kuti m'mimba asodzi amadwala tsiku ndi tsiku, amwa thobwa achira. Ndipo ndinadziona ndikukwera chulu cha Abiti amayi a pa mathandala akundiyang'ana, Abiti akundidinira manambala, ine ndikulankhula ndi mwamuna wanga pa foni yonunkhira mafuta ake, mudzi wonse ukumvetsera. Ndinati, "Ndikalankhula nawo pa doko, maso ndi maso. Foni yanu sindigwira."

Anati, "Mayi a Joyisi, chonde."

Ndinamudutsa osamuyang'ana, ndinapita kudoko. Kuchokera pakhomo panga kukafika pachulu chija sipanali kutali, kunali ngati pano ndi pa mjigo apo.

Ndinaima pa doko kuyambira dzuwa lili pamutu. Mitambo inada cha ku chilumba cha Chisi, mvula inabwera ikuyenda pamwamba pa madzi, inandipeza ndili chiimire. Anzanga anathamangira kukaanula nsomba zawo, zanga zinanyowa zonse, sindinasunthe. Mvula itakata ndinaona boti likubwera. Anazimitsa injini ali patali, n'kumabwera mopalasa pang'onopang'ono, ndipo m'botimo munalibe wokweza dzanja. Pamenepo ndinadziwa. Anali atawafunditsa bulangete lawo lija mpaka kumutu. Anatsirizikira panjira, atadutsa kale mabango.

Maliro a matenda amenewo sachedwa. Azaumoyo anatiletsa kuwasambitsa, ndipo ankanena zoona, matendawo akanatitenga tonse. Sindinawagwire ngakhale dzanja. Zovala, bulangete, chitini ndi foni yomwe, zonse zinapita.

Patatha masiku atatu Abiti anabwera ndi mpunga m'mbale. Anakhala pansi penipeni, pa dothi, sanadikire mphasa. Anati chapansipansi, "Mayi a Joyisi, ndili ndi mawu anu."

Ndinati, "Khalani nawo. Munazolowera kale."

Anadzuka, anasiya mbaleyo, anapita. Anayesanso kawiri m'zaka zotsatira, kamodzi kuchigayo, kamodzi pa maliro a munthu wina. Konse ndinatembenuka. Musaganize kuti sindinkawafuna mawuwo. Ndinkawafuna kuposa chakudya. Koma kuwatenga kunali kuvomera kuti mawu omaliza a mwamuna wanga ndikapemphe kwa iye, ndipo khosi langa linakana kuwerama.

Ndiye onani mmene dziko limasekera munthu. Sipanapite nthawi yaitali kampani ija inabwera ndi malole n'kumanga nsanja yake kufupi ndi kwathu, yaitali, ya nyali yofiira pamwamba. Netiweki inayamba kugwira paliponse, m'khitchini yanga ya njerwa ija, ngakhale kuchimbudzi. Mafoni anatsika mtengo, aliyense wopalasa bwato anakhala ndi yake. Anthu anasiya kupita kwa Abiti, chulu chinatsalira mbuzi. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Ndinati tione ngati sabwerera ku mamba. Koma kampaniyo inatulukiranso malonda ena, otumiza ndalama pa foni, n'kumufuna Abiti yemweyo kuti akhale ajenti, popeza anthu ankamukhulupirira. Ambulera yatsopano, kabenchi katsopano. Ndinadwala mutu sabata yathunthu. Amanu akanditumizira kangachepe kuchokera kutauni, ndinkayenda mpaka kumsika wina kukatapa kwa munthu wosamudziwa, kudutsa Abiti ali pompo.

Nyanja itaphwa chaka china, anthu n'kumapita ku Chisi pa njinga, nsomba zinasowa, ine ndinasamukira kuno kumunda kwa amayi anga. Ndisanasamuke ndinayenda pansi pa matope ouma kukafika kumene kunali zimbowera. Ndinangopeza mabango ogona ndi mipoto yobooka. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kumeneko.

Foni yanga yoyamba anandigulira amanu. Tinakaima pamzere kulembetsa ndi chiphaso, anandijambula ndili wokwinya nkhope. Titafika kunyumba ndinawauza amanu kuti aimbe nambala ya bambo awo, imene agogo anuwo analemba okha ndi khala kuseri kwa chitseko, ine n'kuikopera m'buku la nyimbo. Ndinkangofuna ndimve kuti yazima. Inalira, ana inu. Anayankha bambo wina wa kumpoto, akulankhula Chitumbuka, ana akusewera kumbuyo kwake. Amanu anandifotokozera kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaigulitsanso, ndi mmene malonda ake amayendera. Ndinamvetsa. Koma ndinamuchitira nsanje bambo ameneyo, munthu wosalakwa, kuti akuyenda ndi nambala ya amuna anga m'thumba.

Inunso ndimakuchitirani nsanje, musaone ngati ndimangokukalipirani chabe. Iwe Tadala, mawu a mnyamata wako uli nawo m'foni, umawaliza kakhumi pa tsiku kuseri kwa nkhokwe, ndimamva, ndipo mawu ake si okoma n'komwe. Yamikani amaonana nkhope ndi anzake ali ku Joni. Ine ndilibe ngakhale kutsokomola kwa agogo anu. Nkhope ndimaikumbukira, kayendedwe ndimakakumbukira, koma mawu anayamba kundithawa kalekale. Ndikayesa kuwamva mumtima ndimamva a munthu wina.

Tsono dzana masana ndili kumunda kuthyola nandolo yemweyu, foni inalira m'thumba n'kuduka. Ndinati ndi ana osowa chochita. Inaliranso n'kuduka. Kachitatu, n'kuduka, kenako zii. Ndinaima chilili, dengu lili m'manja. Palibe munthu amaflasha katatu masiku ano, ndipo amoyo odziwa tanthauzo lake tatsala awiri. Ndinayang'ana nambala. Kampani inawonjezera manambala ena kutsogolo zaka zapitazo, koma mchira wake unali wa nambala ya Abiti, womwe uja umene ndinaumva kambirimbiri m'kamwa mwa agogo anu. Inenso ndinali nditauloweza osafuna.

Dzulo m'mawa ndinakwera kabaza. Ndinamupeza Abiti atagona pa mphasa m'chipinda, wowonda, miyendo yotupa, koma chipini chili pamalo pake. Mwana wake wamkazi anandiuza panja kuti sabata ino akumutengera ku Blantyre, ndipo mmene anandiuzira ndinamva kuti sakuyembekeza kubwerera naye. Ndinalowa, ndinakhala pansi.

Anati, "Mwabwera, mayi a Joyisi."

Ndinati, "Mwaflasha katatu."

Anati, "Ndinaopa kuti ndikaimba mudula."

 Kenako ndinanena chimene chinandikanika zaka zonsezi. Ndinati, "Abiti, ndipatseni mawu anga."

Anatseka maso. Anati, "Mutapita kudoko ndinakwera pachulu. Ndinkafuna ndiwauze kuti boti likubwera, alimbe mtima. Ndinkafunanso ndiwanamize kuti sindinakupezeni pakhomo. Ndinaimba. Inangolira kamodzi anayankha, anali ataigwira m'manja. Ndisanatsegule pakamwa anati, 'Felesita.'"

Felesita ndine, ana inu. Mwina simumadziwa n'komwe. Chibadwire amanu palibe anandiitanapo dzina limenelo, ngakhale agogo anuwo, kupatula tikakhala awiri.

Abiti anati, "Mawu awo anali ofooka, koma ndinamva onse. Anati, 'Felesita, ndimadziwa kuti uimba. Usakwiyenso, wamva? Matemba ukaanule, kuno mitambo yada.'"

Ndinamufunsa kuti, "Inu munati chiyani?"

Anati, "Ndinati, 'Ee.' Ndinatsitsa mawu kuti asandizindikire. Iwo anati, 'Chabwino.' Kenako foni inazima. Mundikhululukire, mayi a Joyisi, sindinathe kuwauza kuti si inu."

Ndinagwada, ndinamugwira manja onse awiri, ndinathokoza. Ndinalira pa mphasa yake mpaka mwana wake anasuzumira pakhomo. Mwamuna wanga anapita akudziwa kuti mkazi wake anathamangira pachulu kukamuimbira. Anapita mtima uli pansi. Zimenezo anandichitira ndi Abiti Jafali, mkazi amene ndinamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, ndipo palibe mbale wanga wa bere limodzi anandichitirapo zoposa pamenepo. Ndamuuza mwana wake kuti asananyamuke ndipititsa nkhuku, yamoyo, akachinje okha.

Koma musandifunse ngati nsanje yatha, chifukwa sindikunamizani. Njira yonse pa kabaza ndimabwereza mawu aja, ndipo ndimawamva m'mawu a Abiti, osati a agogo anu. Dzina langa anatchula ndi pakamwa pawo komaliza, linalowa m'khutu la wina. "Ee" ameneyo anali wanga, ana inu. Anali pafupi ngati pano ndi pa mjigo apo, ndipo ndinamusiyira mkazi wina kuti andinenere.